Wakonza Boneti Ndani?

14 Ogasiti

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti mtima wanga sukukhazikika. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni amayi amamva zonse, ngakhale ali kubafa. Nkhani ndi ya pikapu ya malemu bambo, imene munati ndizikuyang'anirirani mpaka mudzaitenge kumapeto kwa chaka.

Boneti yake mukuikumbukira. Hinji ya kumanzere inadyeka phini, sipuling'i yake n'kutamuka, moti ukaitsegula inkapendekeka ngati chipewa cha munthu woledzera, ndipo ukapanda kuichirikiza ndi mpini wa fosholo uja inkakugwera pamutu. Potseka unkachita kukankha pangodya ndi chiuno. Bambo ankakana kuikonza. Ankati ameneyo ndiye galu wawo, wakuba batire adzachoka ndi chotupa.

Mwezi watha ndinalowa m'galaja kukaliza injini monga munandiuzira. Ndinagwira boneti ndi manja awiri, nditakonzeka kulimbana nayo, koma inangonyamuka mofewa n'kuima njo, popanda mpini. Achimwene, ndinachita mantha. Ndinaigwedeza uku ndi uku, osasewera ngakhale pang'ono. Nditasuzumira ndinaona phini yatsopano ikuwala, girisi wosadetsedwa ndi fumbi, ndi masipuling'i awiri ofanana opaka utoto wakuda, pomwe athu aja anali adzimbiri. Mitu ya mabawuti inali ndi zipsera za sipanala. Loko wa pachitseko sanathyoledwe, ndipo makiyi ake amakhala pamsomali kuchipinda kwa amayi.

Wakuba akanachotsa batire, osati kutikonzera galimoto. Ndiye munthu angakonzerenji boneti ya pikapu yongokhala? Ine ndinangoona chimodzi, kuti pali amene akufuna kuionetsa kwa wogula.

"Amayi, wakonza boneti ndani?" ndinafunsa tikudya.

"Boneti yatani?"

"Yasiya kugwa."

"Ndiye ukudandaula kuti yasiya kugwa? Tandipatsa mchere uko."

Amayi athu mukuwadziwa, akamabisa kanthu amafuna mchere.

Maganizo anga anathamangira kwa a Girisi, makaniko aja ankacheza ndi bambo, amene akazi awo anamwalira chaka chatha. Masiku ano akumadutsa pafupipafupi, ati kudzationa. Tsiku lina ndinawafunsa mozungulira ngati masipuling'i a boneti a galimoto zakale amapezekabe.

"Aa, mwana wanga, amavuta zedi," anatero. "Umayenda kophwasulira magalimoto konse mpaka nsapato kutha. Komanso umasintha onse awiri, ukasintha imodzi boneti imakhota."

Anayankha msanga kwambiri. Ndinayang'ana nsapato zawo, zinali zatsopano.

Ine ndine telala, msampha wanga ndi ulusi. Ndinamanga ulusi wakuda pahinji kuti aliyense wotsegula boneti audule, ndipo ndikaweruka kushopu ndinkayamba ndakasuzumira. Lachitatu ndinaupeza utaduka. Mpando wa dalaivala unali utakankhidwira kutsogolo, pali kapilo. Mumtima ndinati, wogula wake ndi wamfupi.

Lachitatu lotsatira ndinatseka shopu masana n'kubwerera mwakachetechete. Pikapu inali panja. A Girisi anaima pambali atapinda manja, ndipo amene ankatsegula boneti, ndi dzanja limodzi, anali amayi. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo, n'kupukuta, n'kubwezera, kenako anatseka boneti osakankha ndi chiuno. Anakwera, n'kukhala pakapilo paja, n'kuliza injini. Galimoto inabwerera m'mbuyo modumphadumpha mpaka inazima pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala.

"Amayi!"

"Choka kumbuyoko iwe, ndingakugunde."

A Girisi atatsanzika, mwamanyazi ndithu, ndinawafunsa amayi ngati akufuna kuigulitsa.

"Kugulitsa? Ndangoyamba kumene. Zaka zonse zija ndinkakhala mbali inayo, chikwama cha bambo ako chili pamiyendo. Ndikati ndiphunzitseni, ankati uyambe watha kutsegula boneti wekha. Ankadziwa kuti sindingathe. Galu uja sankalondera akuba okha ayi."

Inu ndi ine tinkaseka nthabwala ya galu ija, ndipo amayi ankaseka nafe. Ndinalowa kukhitchini n'kulira, osadziwa kuti ndikulirira ndani. Nditatuluka ndinawakumbutsa za inu.

"Mchimwene wako akadali ndi miyendo yolimba," anatero. "Umuuze wekha. Si ndiwe mlonda wake?"

Ndiye ndakuuzani. Pikapu sinagulitsidwe, koma sindikuona kuti mudzaitenga. Ndikudziwa kuti munaiwerengera pa ntchito yanu, ndipo zikundipweteka. Chonde musawaimbire muli ndi mkwiyo. Mukanaona nkhope yawo pamene injini inalira, simukanatha kuwalanda makiyi.

Koma a Girisi sindinawakhulupirirebe. Munthu wobwera kudzagwira girisi savala malaya oyera ositidwa bwino, ndiponso sindikumvetsa chifukwa chake phunziro la kuyendetsa limathera pakhonde ndi makapu awiri. Masipuling'i akale ndinawapeza kuseri kwa galaja, ndawasunga pansi pa makina anga osokera. Ndikadzaona zachilendo ndidzawabwezera paboneti, ndikudziwa pamene amamangidwa.

Moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti azakhali awo awasowa. Amayi akupereka moni wambiri. Akuti mukadzabwera musadzavutike ndi zokwera, adzakuchingamirani okha kusiteshoni. Ine ndidzakhala kumbuyo, maso ali pamsewu ndi pa malaya oyera aja. Inu mudzakhala mbali inayo, achimwene, ndipo chikwama chawo mudzachinyamule pamiyendo.

Ndine mlongo wanu,
mlonda wolephera ntchito uja