Chitseko Chopanda Khoma

Lolemba, 4 Ogasiti 2003

Ndafika ku Nkhotakota masana, fumbi mpaka m'makutu. Minibasi imaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ngakhale akungodzikanda. Abwana ku Lilongwe andipatsa tchuthi, n'kundibwereka laputopu ya ku ofesi. Ati ikabwerako ndi mchenga, ineyo ndisabwerere.

Khoma lakutsogolo kwa nyumba yathu lafika poipa. Mng'alu umene tinkabisamo maswiti tili ana tsopano ukulowa dzanja lonse. Mvula ikubwerayi silipirira. Pa sadaka ya arubaini, ya tsiku la makumi anayi chimwalirireni bambo, tinagwirizana kuti chipinda chakutsogolo chigwetsedwe, khoma latsopano limangidwe chakumbuyo, kutsogolo kutsale bwalo. Pofuna kupewa mikangano tinapangana kuti chimene ndijambule ine, poti kujambula mapulani ndi ntchito yanga, ndicho chimangidwe. Tsiku limenelo ndinadzimva kukula.

Amayi aonda. Akuti ndi chimfine cha mwera. Achimwene anga a Khalidi anenepa m'malo mwawo.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Tsiku lonse ndi tepi m'manja. Nyumba yonse ndailowetsa mu kompyuta. Pulogalamu yatsopanoyi sujambula mizere ngati kale, umamanga nyumba yeniyeni mkatimo, n'kumaizungulira mbali zonse. Amayi anasuzumira kamodzi, ati, "Ndiye matope ake ukuponda kuti?"

Chandidyera nthawi ndi chitseko chakutsogolo. Mlombwa wakuda bii, mapiko awiri, misomali ya mkuwa, felemu yosemedwa maluwa ndi unyolo. N'chachifupi, munthu wamtali amawerama. Anachisemetsa agogo awo a bambo nthawi ya madawu, zombo za matanga za Aluya zija. Ndakula ndikuchimenyetsa tsiku lililonse, koma lero ndi pamene ndaona kuti pakona yakumanzere pali kansomba kakang'ono. Ndakajambula nako. Palibe amene akakafunse, koma mtima wanga wakondwa.

Kiyi wake amakhala pa mfundo ya chitenje cha amayi. Chimwalirireni bambo sanampatsepo munthu.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Ndalakwitsa, ndipo ndalakwitsa pagulu.

M'mawa ndinafufuta khoma lakutsogolo mu kompyuta, ndikumanga latsopano kumbuyo. Panatuluka kabokosi ka chenjezo. Timabokosi timeneti timatuluka kangapo pa ola, ndani amawerenga? Ndinadina kuvomera. Ndinakasindikiza ku boma, n'kubwera ndi mapepala anga monyadira ngati mwana wakhoza mayeso.

Chimene ndinaiwala n'chakuti mu pulogalamu imeneyi chitseko, zenera, sinki, zonsezi ndi zoberekedwa. Ndimo mmene timazitchulira ku ofesi. Khoma ndiye limazibereka kumsana. Khoma likachoka, zimapita nalo limodzi, osatsanzika.

Tinakhala pa mkeka, ine, amayi ndi achimwene. Amayi pulani sadziwa kuwerenga, koma chithunzi cha nyumba yoimirira anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaika chala pamalo opanda kanthu.

"Zulfa, chitseko cha bambo ako chili kuti?"

Ndisanatsegule pakamwa achimwene analumphira. "Mwaona amayi? Ngakhale kompyuta yaona kuti chatha ntchito." Ndiye zinatuluka zimene ndinali ndisanamve: mkulu wina wa loji ya alendo chakum'mwera uku akuchifuna, akuti achigoneke pansi, aike galasi pamwamba, likhale tebulo lodyerapo.

Ndinati ndi ngozi chabe, ndikonza. Achimwene ati pangano ndi pangano, chojambulidwa ndicho chimangidwe, ndipo pa khoma latsopano iwo aitanitsa kale chitseko chachitsulo. Amayi sanakalipe. Anangopinda pepala lija bwinobwino n'kundibwezera. Bola akanandikalipira.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Amayi atsitsa sutikesi pamwamba pa kabati. Ati chitseko chikatuluka, iwo akakhala kwa mng'ono wawo ku Benga, ndipo sadzabweranso.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Ndinafunsa amayi ngati tingachisamutsire pa khoma latsopano. Ati ayi, chikhale pomwe chili. Pamenepo ndi pamene analowera ali mkwatibwi, ndi pamene linatulukira jeneza lonyamula maliro a bambo. Achimwene ataseka ati, "Ndiye chikaime chokha pabwalo ngati wapolisi?" Amayi ati, "Eya."

Chabwino. Chikaime chokha. Koma pulogalamu yakana. Ndikatenga chitseko kuti ndichiike pabwalo, kamuvi kamasanduka kachizindikiro koletsa. Ndikayandikira khoma lililonse, ngakhale la chimbudzi, chimakakamira pomwepo msangamsanga. Ndinayesa kuinyenga: ndinamanga kakhoma kakang'ono kongokwana felemu. Inavomera, koma chithunzi chake chimaoneka ngati bafa ya pa sukulu. Komanso a Raston, amisiri amene tawalemba ntchito, ndikuwadziwa: akaona kakhoma pa pepala akamangadi.

Achimwene pochokera ku swala ya Ijumaa anandipeza ndagwira mutu. Ati, "Injiniya, makina akuvuta?" Ndinawayankha kuti makina ali bwino, ovuta ndi anthu. Sanapse mtima, anandigulira chinangwa chokazinga. Ndiwo achimwene amenewo, amakubaya n'kukupepesa ndi chakudya. Sikuti ndi oipa. Akhala ndi khoma limeneli zaka zonsezi ine ndili ku tauni, ndipo atopa nazo zakale.

A Raston ayamba Lachiwiri.

Loweruka, 9 Ogasiti

Safunsa anadya phula. Ndaimbira Keti, mnzanga wa ku ofesi. Anali ku msika, ndimamva anthu akutsatsa tomato kumbuyo kwake.

Ati choberekedwa sichisinthika chili mmenemo, chinabadwa choncho. Nditsegule fayilo ya chitsekocho payokha, kenako nditsegule ina yatsopano, ya zinthu zoima pazokha ngati tebulo kapena kabati. Ndikopere zidutswa zonse, felemu, mapiko, misomali, ndikazimate mu yatsopanoyo. Chiboo chimene chimadula khoma ndichisiye, kulibe choti chikadule. Pomaliza ndiiuze kuti chinthuchi chiziwerengedwabe ngati chitseko. "Koma ukonzeke kulira," anatero, mayunitsi n'kutha.

Ndinaliradi pang'ono. Nditamata, zonse zinabalalika. Phiko limodzi linakalowa pansi, felemu ili m'malere, kansomba kanga kali kokha kutali uko. Miyeso yonse inali yomangiriridwa ku nkhope ya khoma, ndiye khoma kulibe, chilichonse chikuyenda yakeyake. Ndayamba kumangirira chimodzichimodzi ku mzere wapakati pa chitsekocho ndi pansi. Magetsi anazima ndili pa phiko lachiwiri. Ndinali nditasunga, Alhamdulillah.

Galimoto ya chipani yadutsa kawiri ndi chimkuzamawu. Chisankho ndi chaka chamawa koma makutu atha kale.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Chaima! Ndachiika pakati pa bwalo, palibe chizindikiro choletsa. Ndinachizunguliza kangapo konse pongofuna kusangalala.

Kusangalalako sikunachedwe. Mu kompyuta chinthu chimaima chifukwa wachiuza kuti chiime. Pabwalo pali mwera. Felemu ndinaijambula kulekeza pansi penipeni, poti chikakhala choberekedwa sufunsa za miyendo yake. Tsopano funso labwera lokha: chigwira n'chiyani?

Ndinatenga khasu laling'ono n'kukumba pambali pa nsanamira yakumanja. Ndimati ndipeza mapeto ake pansi pa chiwundo. Ayi ndithu. Ndinakumba mpaka chigongono, mtengo ukupitirirabe, wozunguliridwa ndi miyala ndi laimu. Amayi anatuluka ndi lichero la mpunga, n'kuima pambali panga.

"Bambo ako ankati akale ankayamba n'kuimika chitseko, shehe n'kuchipangira pemphero la duwa, kenako nyumba n'kubwera pambuyo. Ine ndinkati ndi nkhani za amuna pa khonde."

Anapitiriza kupeta. Ine ndinakhala pansi pomwepo, dothi m'zikhadabo. Ndatalikitsa nsanamira mu kompyuta mpaka pamene ndafika pokumba, kupitirira apo ndaika mizere yodukaduka. Sindikudziwa, ndiye sindinama.

Lolemba, 11 Ogasiti

Mapepala atsopano. Amayi anayang'ana, koma ulendo uno pepala sanandibwezere. Analiika pansi pa pilo.

Achimwene ati pulani yoyamba ndiyo inali yeniyeni, iyi ndi yokakamiza. Ndinati pangano linati chimene ndijambule ine, silinati chimene ndijambule Lachitatu. Tinakangana mpaka tiyi kuzizira. Iwo akuti mitengoyo pansi inaola kalekale, chiswe sichiopa duwa, ndipo chidzagwera mwana wa munthu. Pamenepo sakunama, nanenso ndikuopa zomwezo. Mapeto ake: khoma likachoka, chitseko chikaima chokha popanda chochirikiza, chikhala. Chikapendama, chipita ku loji. Amayi anavomera ndi mutu. Sutikesi yatsekedwa kale, ndaona mkeka wawo wopempherera uli pamwamba.

A Raston anabwera madzulo kudzaona malo. Anatembenuza pepala uku ndi uku. Ati pa pulani yoyamba ija, imene achimwene anawaonetsa, akanangozula chitseko ndi zitsulo, khoma n'kulikankha ndi mitengo, ntchito ya m'mawa umodzi. "Koma poti mwachijambula chili chiimire, tiphwasula ndi manja, kuyambira pamwamba. Mwandiwonjezera tsiku, achemwali." Ndinawapepesa. Ati palibe kanthu, bola tiyi akhale wa mkaka.

Ndili ndi mantha. Ngati chigwa, ndiye kuti ndawapatsa amayi chiyembekezo cha pa pepala.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Katundu yense wa kutsogolo tatulutsa, ali pansi pa mtengo wa mango, sutikesi ya amayi ili pomwepo. Malata achoka. Khoma latsika mpaka pa mutu wa felemu. A Raston achirikiza chitseko ndi mitengo iwiri mbali iliyonse. Amayi anachikhoma ndi kiyi ntchito isanayambe, akuti fumbi lisalowe. Denga kulibe, koma palibe anayerekeza kuseka.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Njerwa zomaliza zachoka dzuwa lili pamutu. Mbali zonse ziwiri mbee, ukaima pamsewu ukuona mpaka ku khitchini. Anthu opita ku msika anayamba kuima. Wina ndinamumva akuti, "Nyumba yathawa, yasiya chitseko."

A Raston anachotsa mtengo woyamba, wachiwiri. Ine ndinayang'ana kumbali. Atachotsa wachinayi ndinamva a Raston akuuza achimwene kuti, "Bwana, yesani nokha."

Achimwene anavula chipewa n'kundipatsa. Anakankha ndi dzanja. Anakankha ndi phewa. Anabwerera m'mbuyo, n'kubwera ndi thupi lonse lija, mpaka nsapato kuterereka. Panangogwa kadothi kuchokera pa maluwa apamwamba. Anaima akupuma wefuwefu, n'kusisita nsanamira ija ngati akupepesa. Sanandiyang'ane. Anangoti, "Tiyeni tilowetse katundu, kungabwere mphepo."

Aliyense ananyamula chake. Poti paliponse ndi poyera, anthu amangodutsa m'mbali, a Raston ndi tebulo, ine ndi mabeseni, achimwene ndi mpando wa bambo pamutu. Amayi anadzuka, ananyamula sutikesi yawo okha, anakana kuti ndiwalandire. Anayenda mpaka pa chitseko. Anaika sutikesi pansi, anamasula mfundo ya chitenje, kiyi m'bowo. Chitseko chinalira monga chimalirira masiku onse. Ati, "Bismillah," n'kulowa, sutikesi m'manja.

Ali mkati, ngati ndi mkati, anatembenuka n'kuona achimwene atadutsa kale chakumbali.

"Iwe Khalidi, unayamba liti kulowa m'nyumba mwanga ngati mbuzi? Bwerera."

Achimwene anabwerera ndi mpando wawo, anazungulira mpaka kutsogolo, anautsitsa pamutu. Anati, "Odi." Kenako anawerama.