Gaga Wapha Mbalame Yanu

Ba Mulenga, alamu anga,

Muli bwanji ku Kitwe? Kuno ku Kanyama tilipo, koma ine mtima suli m'malo.

Zinkhwe zazing'ono ziwiri zimene munandisiyira zamenyana. Mawere atakwera mtengo, ndinayamba kuzipatsa gaga wa nkhuku, poganiza kuti mbalame ndi mbalame basi. Zinakana kudya. Lachiwiri mbalame yaikazi inagwira yaimuna, n'kuijompha pamutu mpaka diso linatuluka, magazi khola lonse. Nditalowetsa dzanja kuti ndilanditse, inanding'amba chala. Yaimunayo inafa madzulo.

Yotsalayi ndikuipatsa mawere pang'ono ndi masamba a repu, koma mawerewo akutha. Kodi mapira ingadye? Chonde yankhani msanga, ndikuopa kuiphanso. Musandikwiyire, Mulungu akusungeni.

Ine mlamu wanu,
Amake Chisomo