Manda Amene Anandikumbira Ndili Moyo

Thyolo, ku malayini a pa esiteti
18 Novembala 2007

Achemwali anga a Dainess,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ku Karongako. Kodi miyendo ija yaleka kutupa? Nanga alamu ndi ana akupirira bwanji kutentha kwa kumeneko? Kuno mvula yayamba, tiyi waphukira, tikuthyola mpaka zala kuchita dzanzi. Mlamu wanu Tinenenji ndi ana ali bwino. Amayi ndiye monga ndinakuuzirani pa foni paja, mkono ndi mwendo wakumanja sizikugwira, koma phala akumwa.

Ndalemba kalatayi chifukwa pa foni ndinakuuzani theka la nkhani. Theka linalo likundidya mumtima, ndipo paja mlandu suola.

Mwezi watha kunabwera anthu a zaumoyo ochokera ku Lilongwe. Anati chimfine cha mbalame chimene chikupha anthu kumaiko akutali chikhoza kufika kuno tsiku lina, choncho akuyenda m'maboma kuyeserera, kuti aone ngati zipatala zathu zingalimbane ndi mliri. Pa esiteti pano anasankha anthu khumi oti tinamizire kudwala. Anatilumbiritsa kuti tisauze munthu, ngakhale mkazi wa m'nyumba, chifukwa anamwino ndi alonda akanadziwa kuti ndi sewero sakanagwira ntchito ngati zenizeni.

Anzanga anauzidwa kuti azitsokomola ndi kubuula. Ine mukundidziwa kukonda kuonekera, paja munkandiseka kuti ndinabadwa nditaimika kale mkono. Atafunsa woti akhale womwalira, mkono unakwera wokha. Ndinkaganizanso kuti mabwana akandiona kuchangamuka, ukapitawo umene ndaudikira zaka zisanu ndi chimodzi upezeka.

Lachiwiri m'mawa ndinadzigwetsa pakati pa tiyi, dengu lili kumsana. Anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi anandinyamula pa machira n'kukandigoneka mu tenti kuseri kwa kiliniki. Masana anandifunditsa nsalu mpaka kumaso.

Apa ndi pamene ndinakunamizani. Ndinati Malizani, mnzanga amene timathyola mizere yoyandikana, anangoona patali n'kuthamanga ndi uthenga wa maliro ine osadziwa. Si zoona, achemwali. Malizani anafika pa chingwe chimene anatchingira tenti, pafupi ndi pamene ndinagona. Ndinamumva akulira. Ndinamumva akuuza mlonda kuti Fackson alibe m'bale pano, mkazi wake ali kwawo ku Goliati, ndiye iye atenga njinga akauze amayi ku Khonjeni, poti maliro sagona abale osamva. Mawu onsewo analowa m'khutu mwanga.

Ndikanangotsokomola. Ndikanangogwedeza chala cha kuphazi. Koma pambali panga panaima alendo atatu akulemba m'mabuku mwawo, ndipo mmodzi anali atangonena kumene kuti womwalirayu akuitha ntchito. Ndinadziuza kuti wina amubweza pa geti. Ndinagona duu, mtima ukukoma kuti andiyamikira.

Anatisunga mu tentimo mpaka mawa lake masana. Potuluka ndinapeza amalume a Leonard atakhala pansi kunja kwa geti, atafungatira nsalu yodzakulungira thupi langa. Alonda anali atawakaniza kulowa chifikireni m'mawa, ati mkatimo muli mliri. Atandiona anaimirira, n'kundigwira m'mapewa. Kenaka anati tifulumire, adzukulu ayamba kale kukumba.

Tinafika anthu a mpingo akuimba pakhomo. Amayi anali pakhonde pakati pa azimayi. Atandiona ndikutsika pa njinga anaimirira, anatsegula pakamwa, n'kugwa pomwepo. Za kuchipatala mukuzidziwa kale. Manda aja anali atafika m'chiuno, ndipo poti dzenje lotere silikwiriridwa lopanda kanthu, anadula thunthu la nthochi n'kuliika m'malo mwanga. Amalume anati ndiyenera kuimapo, ndipo ndinaimapo mpaka anamaliza.

Lero mudzi wonse ukunyoza Malizani, ati ndi wapakamwa, anathamangira maliro a munthu wamoyo. Amalume anamuletsa kupondanso pakhomo pathu. Iye sadziikira kumbuyo. M'munda amandipatsa moni ngati kale, ndipo tsiku lina anandipatsa mazira anayi kuti ndikapereke kwa amayi, koma ndisanene kumene achokera. Ndinalandira ndi manja awiri, manyazi ali thoo. Ukapitawo uja anapatsa wina. Ine ndinapatsidwa sikipa ndi kapepala kothokoza, ndipo zonsezo ndinazikankhira pansi pa bedi.

Tsiku la Sabata ndinapita kukawaona amayi. Anandigwira dzanja ndi mkono wabwinowo osafuna kundisiya. Mawu awo tsopano amatuluka movutikira, koma amamveka. Azimayi ena obwera kudzazonda anayamba kundinena kuti ndinachita nawo masewera oipa, ndipo amayi anawaletsa. Anati, "Musamunene mwana wanga. Sanamve. Akanamva, akanadzuka."

Achemwali, ndinamva.

Chonde bwerani sukulu zikatsekera. Ndikufuna kunena izi pamaso pa amayi ndi amalume, koma pandekha pakamwa pakukana, ndiponso ndikuopa kuti mtima wawo sungapirire kachiwiri. Inu ndi amene mumawadziwa bwino kuposa tonsefe. Mukati ndiwauze, ndiwauza inu muli pomwepo. Mukati ndiwabisire, ndisenza ndekha mpaka tsiku limene adzukulu adzandikumbire zenizeni. Koma Malizani yekha ndimuuza mawa m'munda, ngakhale musanayankhe. Mundikalipire mmene mungafunire, ndilandira, koma musandikhalire chete.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Tinenenji akupereka moni, ngakhale iyenso sakudziwa zimene ndalemba muno. Ambuye akusungeni ndi kukufikitsani kuno bwino, ndipo mukamapempherera amayi mundikumbukire inenso.

Ndine mlongo wanu,
Fackson