Laimu pa Chipupa cha Towela

Mpanshya, Rufunsa
6 Okutobala

Kingsford mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku Lusaka pamodzi ndi alamu anga ba Melody ndi ana. Kuno amayi aliko bwino, mwendo uja wasiya kutupa. Moni wanga wathera pomwepa. Ndalemba kalata chifukwa pafoni umandidula ndisanamalize, ndipo lero undimva mpaka kumapeto.

Towela wathu, mwana wa amayi wosamva ndi wosalankhula chibadwire, anatha miyezi itatu akujambula chipupa cha nyumba ya amayi. Dothi lofiira ankasenza yekha kuchokera kuphiri, lakuda ankasinja makala, loyera phulusa. Anajambula nkhanga, minibasi yasenza mbuzi pamwamba, ndi malemu atate ali panjinga yawo, chipewa chija chapendekeka.

Ba Marjory a gulu la Manja Athu anachiona chipupacho akudutsa, ndipo anaimitsa galimoto. Gululo limafunafuna aluso akumidzi, olumala ndi ena amene a m'tauni sawacheukira n'komwe. Anati akusankha anthu khumi oti akaphunzire ku Lusaka ndi kukaonetsa ntchito zawo. Anati adzabweranso Lachisanu ndi wojambula zithunzi, kuti dzina la Towela lilowe.

Ine ndi chimwemwe changa chopusacho ndinakuimbira foni. Iwe unatani? M'mawa mwake kondakitala wa basi anatitsitsira matumba awiri a laimu ndi bulashi. Unaimbiranso amalume ba Silas, ati alendo a ku Lusaka asadzapeze nyumba ya amayi ako ili mawangamawanga ngati khola la nkhuku, iwe uli munthu wa mu ofesi.

Kingsford, unkaganiza kuti alendowo akubwerera chiyani? Mbatata? Sukulu yonse ija tinakulimira chimanga kuti uphunzire, mutu wako sunakuuze kuti akubwerera chipupa chomwecho?

Koma ndisakusenzetse wekha, Mulungu akundiona. Laimu ndinasungunula ndine. Amalume anati kwathu alendo akamabwera timasesa, timazira, timayeretsa pakhomo, ndiwo ulemu. Ndinadziwa kuti tikulakwa, koma ndinaopa kutsutsa amalume, ndinaopanso iwe. Tinadikira Lachinayi Towela atapita kuphiri kukatenga dothi lina, loti akonzere gudumu la njinga ya atate. Amalume anapaka kumtunda, ine kumunsi. Nkhope ya atate ndinaifafaniza ndi dzanja langali.

Towela atabwera anatula dengu, nakaika chikhatho pachipupa chikadali chonyowa. Sanalire. Anandifunsa ndi manja kuti ndani. Ndinadziloza pachifuwa. Iye anapukusa mutu, nagwira pakhosi ngati munthu akumanga tayi. Ukudziwa bwino kuti m'manja mwa Towela limenelo ndi dzina lako.

Lachisanu ba Marjory anafika ndi wojambula wawo, nabwerera kumsewu poyesa asochera nyumba. Amalume anali atavala jekete, akumwetulira, akudikira kuyamikiridwa. Atabweranso pakhomo, ba Marjory anangofunsa kuti manje tizajambula chani, laimu? Ndinachita manyazi oti ndilowe pansi. Tinayesa kupala ndi mpeni, koma laimu ankachoka pamodzi ndi chithunzi.

Mayiyo ndi wamtima wabwino. Wati mndandanda autseka pa 25 mwezi uno, ndipo adzadutsanso kamodzi kokha. Akapeza chipupa chojambulidwa, Towela apita. Akapeza choyera, malo ake atenga wina, ndipo sakudziwa ngati gululo lidzafikanso ku Rufunsa kuno. Mitambo nayo yayamba kusonkhana kum'mawa, mvula ikagwa dothi siligwira.

Towela sakukhudza dothi. Lomwe anabwera nalo anakalikhuthulira kudzala. Amadzuka, amatunga madzi, amakhala kuseri kwa nkhokwe chofulatira nyumba. Ndamugwadira, amalume amupepesa, iye amangomanga tayi pakhosi n'kutambasula manja, kufunsa kuti uli kuti.

Zaka makumi awiri ndi zisanu anthu akhala akumutcha chitsiru pamsika, ife n'kumakhala chete. Tsiku loyamba munthu wachilendo kumuimitsira galimoto, ndife abale ake tamupaka laimu. Zikundiwawa, Kingsford, ndipo ndakukwiyira monga ndadzikwiyira ndekha.

Usanditumizire uthenga wa pafoni woti ndimuuze. Towela samva foni, ndipo kupepesa kwa munthu amakuona ndi maso. Kwera basi Loweruka lino. Suti usiye komweko, ubwere ndi nsapato zoyendera, chifukwa dothi lofiira lili kuphiri ndipo dengu udzasenza ndiwe, mudzi wonse ukuona.

Undiperekere moni kwa ba Melody, kwa Caleb ndi kwa kamwana Happiness. Amayi akuti Ambuye akusunge panjira, amalume nawo apereka moni. Towela ndinamuonetsa kalatayi ndisanamate, n'kumufunsa ngati ndikulembere moni wake. Wakana, ndipo sindikunamiza kuti wapereka.

Ndine mlongo wako,
Estina