Zingwe za makina a mazira ku Mpika

Ba Kalaba, alamu anga,

Muli bwanji ku Mpika? Kuno ku Kanyama tilipo, kungoti mvula yatibweretsera matope mpaka pakhomo.

Ndili ndi pempho. Akazi anga, alongo anu ba Emelda, pochoka kuno kubwera ku Mpikako anatenga makina athu atatu oswetsa mazira. Timabodi toyendetsa makinawo tinalumikizidwa ndi zingwe za USB ku kakompyuta kali pamwamba pake, ndiye pulogalamu ndimasintha ndili konkuno pa intaneti. Vuto ndi loti malaiti akapita n'kubwera, timabodi timasinthana mayina. Tsiku lina pulogalamu ya mazira a zinziri ndinaitumiza ku makina a abakha. Ndinakonza msanga. Chonde mukazule zingwe zonse, muzikabwezera chimodzichimodzi kuyambira kumanzere, ine ndikuyang'ana kuno. Ndikanawapempha eni ake, koma foni yanga sayankha.

Musandiseke, alamu. M'mawa uliwonse kutentha kwa makina kumatsika pang'ono, ndipo ndimadziwa kuti ba Emelda atsegula chitseko cha makinawo kuti aone mazira. Tiyi wanga ndimamwa nthawi yomweyo. M'nyumba muno mulibenso wina wondiuza kuti kwacha.

Kuyambira Lolemba kutentha sikunatsikepo. Kabodi kamodzi kakhoza kufa, inde, koma timabodi tonse titatu pamodzi?

Mukafika, muyambe mwawaona alongo anuwo. Zingwe zikhoza kudikira.

Ndine mlamu wanu,
Mpundu