Matabwa a khonde lathu akuphikira mabanzi a ana asukulu

Aphungu,

Mundikhululukire ngati kalatayi yakhota. Sukulu sindinapite nayo patali, komanso ndikulemba ndili ndi mkwiyo.

Nyumba imene tikukhala tinaigula ili ndi khonde lamatabwa kuseri kwake, lokhala pa mizati, loyambira pa chitseko cha kukhitchini. Amene analimanga sitimudziwa. Chilowereni m'nyumbamo ndakhala ndikunena kuti khondelo latha. Ukaliponda linkalira, misomali inali itatukuka, ndipo mvula ikagwa linkaterera ngati alipaka sopo. Amuna anga ankangoseka. Ankati, "Anankhawa, mwayambanso? Khonde ili lidzatiika m'manda tonse lisanagwe." Dzina la Anankhawa anandipatsa ndi iwowo, ndipo lero abale awo onse amanditchula choncho. Akuti nkhuku ikangotsokomola ine ndimaibereka kupita nayo kuchipatala.

Sindikana, nkhawa ndili nayo. Mwana akachedwa kusukulu mudzandipeza nditaima pageti. Ndimabwerera panjira kukaona ngati ndazimitsa ayironi. Koma mwezi watha, ndikutuluka ndi beseni la zochapa, thabwa linathyoka mwendo wanga nkulowa mpaka m'bondo. Chipsera ndili nacho. Amuna anga amayendetsa lole, ndipo anali kuulendo. Sindinawadikire. Ndinaitana kalipentala wa mumsewu mwathu, nkuphwasula khonde lonse.

Atamaliza, kalipentalayo anadula thabwa limodzi nkundionetsa podulapo. Panali pobiriwira. Anati, "Mayi, awa ndi aja amawanyika m'mankhwala oletsa chiswe. Musayerekeze kusonkhera moto. Utsi wake ndi phulusa lake ndi poizoni." Tinawaunjika pafupi ndi mpanda, ine nkumaganiza kuti bambo akabwera awanyamula pa lole kukawataya.

Atabwera anangoima pakhomo la kukhitchini nkunena kuti, "Nyumba ino tsopano ilibe mwamuna eti?" Za mwendo wanga sanafunse. Ndinawafotokozera za mankhwalawo, iwo maso ali pa foni. Kenaka tsiku lina pochokera kumsika ndinapeza mulu uja watsika. Nditafunsa, anati apatsako mlongo wawo.

Aphungu, alamu angawo amaphika mabanzi nkumagulitsa pageti la sukulu. Uvuni wawo ndi wanjerwa. Amasonkha moto mkati, ukalilima nkutsika amakokera makala pambali, nkulowetsa mabanzi momwemo. Phulusa amakathira m'dimba lawo la masamba. Ogula ake ndi ana, anzawo a ana anga.

Ndinathamangira konko nditavala masilipasi osiyana. Ndinawapeza akuwaza thabwa ndi nkhwangwa, ena ali kale pamoto. Ndinati, "Alamu, chonde, amenewa si nkhuni, ali ndi mankhwala." Anaponya nkhwangwa pansi nkugwira m'chiuno. "Ho! Anankhawa atipeza! Paja munati madzi a pampopi akununkha, tinafa? Munati galu wa aneba ndi wachiwewe, analuma ndani? Ngati matabwawa akukupwetekani mtima ingonenani, alamu. Nyumbayo anagula ndi mlongo wanga." Anzawo amene anali pomwepo anaseka mpaka wina kutsamwa.

Kunyumba nako amuna anga anandilandira ndi mawu. "Mwandivula pagulu. Mlongo wanga akuvutika nkhuni, inu mukumumana zinyalala? Moto umapha mankhwala alionse." Udokotala umenewo anauphunzira liti, ali pa chiwongolero?

Chikundipsetsa mtima ndi ichi. Za khonde ndinanena, sanamve, ndipo linathyokera ine. Lero ndikunena za moto, akuti ndi kaduka. Ana anga ndawaletsa kudya mabanzi a azakhali awo, ndiye nkhani yafika kwa apongozi kuti ndikunyoza chakudya cha mwana wawo. Nanga ana a eni ake? Tsiku ndi tsiku ndimawaona akutuluka pageti banzi lili kukamwa. Mulu wina ukadali pampanda, ndipo alamu atumiza mawu kuti Loweruka abwera ndi wilibala.

Ndaganiza zokanena kwa ahedi, kapena kuima pageti nkumauza makolo. Ndikatero geni ya alamu yatha, mwina ndi banja langa lomwe. Ndikakhala chete, mwana wa munthu nkudwala, amayi ake ndidzawayang'ana ndi maso ati? Ndithandizeni.

E. N., kumunsi kwa sukulu ya pulayimale

Mayi E. N.,

Kalata yanu sinakhote, ndipo mkwiyo wanu mwandipatsirako. Kalipentala wanena zoona. Matabwa onyikidwa m'mankhwala a chiswe saotchedwa, ngakhale pabwalo, nanji mu uvuni wa chakudya cha ana. Moto suthetsa mankhwalawo. Ena amakwera ndi utsi, ena amatsalira m'phulusa, ndipo woyamba kuupuma utsiwo ndi mlamu wanu yemweyo, amene amaweramira pakamwa pa uvuni. Kumuseka mayi amene akuchenjeza za chakudya cha ana ndi chipongwe, ndipo amuna anu akanayenera kuchita manyazi ndi zimenezo.

Komabe pageti la sukulu musapiteko kaye. Mukakafuula pamenepo, nkhani ya matabwa ifa, pabadwa ya mkazi wodana ndi mlamu wake, ndipo matabwa azipsabe mobisa.

Yambani ndi mulu umene uli m'manja mwanu. Loweruka lisaupeze. Valani magolovesi, zulani misomali kapena ipindeni. Funsani ku ofesi yoona za zinyalala m'dera lanu kumene amalandira matabwa otere, ndipo nenani poyera kuti ndi amankhwala. Osawasiya m'mbali mwa msewu, wina atola nkukaphikira ana ake. Lole ikakanizidwa, pezani galimoto ina. Munaphwasula khonde lathunthu osadikira munthu, mulu wa matabwa sungakukanikeni.

Apo pomwe ndikudzudzuleniko. Kuphwasula munachita bwino, koma foni munali nayo. Bambowo chikuwawawa ndi kupeza khonde palibe, ndiye akubwezera pa matabwa. Apepeseni pa kusawauza kokhako. Za moto osapepesa.

Kwa mlamu musapitenso nokha, ndipo musapite anzake ali pomwepo. Munthu wodzudzulidwa pagulu amateteza nkhope yake, makutu amatseka. Tengani kalipentala uja, amuna anu akhalepo, kalipentalayo adule thabwa onse akuona. Wolankhula akhale iyeyo. Inu munyamule mtolo wa nkhuni zabwino, chifukwa mlamu wanu sakufuna poizoni, akufuna moto. Ngati amuna anu amamukondadi mlongo wawo, lole imene ija izimubweretsera nkhuni zenizeni.

Matabwa amene atsala kwa iye abwerere pa mulu. Uvuni usesedwe bwino, phulusa limangidwe m'thumba likatayidwe pamodzi ndi matabwawo. Za uvuniwo ndi za dimba limene linathiridwa phulusa, mlamuyo afunse wazaumoyo wa m'dera lanu asanaphikenso ndi asanathyolenso masamba. Wina akamadwala mosadziwika bwino, apite kuchipatala ndipo akanene za utsiwo.

Mlamu akakanabe, pitani nokha kwa wazaumoyoyo, koma muwauze onse awiri, iye ndi amuna anu, musananyamuke. Musazengereze. Geni ikagwa imadzukanso, mwana wa mwini alibe kokamugula.

Chenjezo langa ndi ili. Mawu anu anatsika mtengo chifukwa munawamwaza pa madzi a pampopi ndi pa galu wa aneba, ndiye lero muli ndi nkhani yeniyeni ogula palibe. Tsiku lokaonana ndi mlamu musakatchule khonde, musakaonetse chipsera, musakanene kuti "paja ndinanena." Mukakafuna kupambana mkangano, matabwa akatsala pamoto. Akakuitanani kuti Anankhawa, vomerani ndi kumwetulira komwe, bola Loweruka wilibala ibwerere yopanda kanthu.