Bambo Anga pa Nambala Wani

Lamulungu, 8 Sepitembala 2024

Ndakwiya moti bolopeni ikuboola pepala. Zilembo zikhote, zilibe kanthu.

Lero nyimbo ya bambo anga inafika pa nambala 2. Ndinakonzeka kuyambira m'mawa. Foni ndinakatchajitsa kumsika, mahedifoni ndinabwereka kwa mnzanga Emmie, poti popanda iwo wailesi ya m'kafoni kangaka siigwira. 2 koloko inandipeza ndili pakhonde, chala chili pa batani lojambulira. Nanga ndajambula chiyani? Hudson. Muulutsi Hudson akupereka moni kwa anyamata a kabaza a pa Mangochi Turn Off. Hudson akutsatsa malata ndi simenti. Bambo anga akumveka pansi penipeni ngati munthu woitana ali kutsidya kwa Shire.

Ndilembe bwinobwino kuti ndisadzaiwale mmene zinayambira. Makwerero Khumi ndi pulogalamu yakale, ya 2001, chaka chimene ndinabadwa. Kawailesi ka ku Balaka kanapeza makaseti ake, ndiye kakumaibwereza Lamulungu lililonse, sabata ndi sabata motsatana monga zinkayendera kalelo. Nyimbo khumi, kuyambira pansi kukwera. Zonse amazidula pakati, koma ya nambala wani yokha ndiyo amaiika yonse mpaka kumapeto.

Mwezi watha amayi ankasankha mpunga, muulutsi wakale wa m'kasetimo n'kunena kuti, "Pa nambala 9, a Uladi Chande ndi Anyamata a pa Mlatho, Sitima ya ku Nayuchi." Amayi anangoti, "Abambo ako awo," n'kulowa m'nyumba. Ndinali ndisanawamvepo mawu. Anamwalira ndili ndi miyezi 8, ndipo kaseti yawo palibe amene ali nayo.

9, kenako 7, 4, 3, lero 2. Sabata zonsezi Hudson ali pamwamba pawo, mlomo osapuma. Iyeyo ntchito yake n'kungotsegula kaseti, basi. Anamutuma ndani kuti aziyankhula?

Amayi akuti sabata ya mawa ndiyo ya nambala wani. Inakhalapo sabata imodzi yokha n'kugwa. Ikandiphonya imeneyo ndiye kuti basi.

Lolemba, 9 Sepitembala

Kutiyirumu kumene ndimagwira ntchito ndaswa kapu. Ndinkatsuka ndikuganiza za pakamwa pa Hudson.

Emmie akuti, "Iwe Habiba, m'malo motukwana makapu bwanji osamulembera meseji?" Ndinati ndikuopa. Anandilanda foni, koma ndinamulandanso. Ndinalemba ndekha: Chonde achimwene, Lamulungu pa nyimbo ya nambala wani musayankhule. Habiba, Liwonde. Ndinawerenga kanayi ndisanatumize.

Lachiwiri, 10 Sepitembala

Waiwerenga pa wailesi! Pa pulogalamu yake ya moni ya masana, tiyirumu itadzaza ndi makondakitala.

"Habiba wa ku Liwonde akuti ndizikhala chete. Chemwali, wailesi yosayankhula si wailesi, ndi bokosi losungira nsapato! Nyimbo za magitala a zigubu zimenezi popanda ine kuthirako mchere mungazimeze?"

Anthu onse kuseka. Kondakitala wina anandiloza ndi sikono: "Si uyu? Amayankhula uyu? Ine ndimayesa amangodziwa kuti shuga angati." Ndinathawira kuseri kotsukira mbale mpaka onse atapita.

Magitala a zigubu. Inde anali a zigubu, ndiye? Amayi akuti gitala yawo anaipanga okha ndi chigubu cha mafuta ndi mawaya a mabuleki a njinga. Hudson angapange chiyani ndi manja akewo kupatula kugwira maiki?

Lachitatu, 11 Sepitembala

Ndawauza amayi. Akuti, "Zisiye mama, anthu a pa wailesi sulimbana nawo. Wamvako pang'ono, si basi?" Iyayi si basi! Iwo anakhala nawo zaka zinayi, ine ndili ndi timasekondi tokhala ndi malata pamwamba. Sindinawayankhe choncho, ndinangopita kukatunga madzi ngakhale mitsuko inali yodzaza.

Nditabwerako anandiuza nkhani imene anali asanandiuzepo. Nyimbo inkakwera chifukwa cha mapositikhadi amene omvera ankavotera. Amene walandira ambiri ndiye amakwera. Ndiye bambo ndi anzawo ankagula mulu ku positi ofesi, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango kumalemba mayina a mudzi wonse. Wina ndi dzanja lamanja, wina lamanzere, kuti zilembo zisiyane. Mayina a amoyo atatha analemba a kumanda. Kenako analemba langa, ndili m'mimba. Akuti anati, "Akhala wamkazi ameneyu, Habiba, ndipo wavotera abambo ake."

Ndinafunsa kuti nanga ndikanabadwa mwamuna? Amayi anaseka mpaka kutsokomola. Akuti bwenzi ukanangokhala Habiba basi, positikhadi inali itapita kale.

Ndiye kuti nanenso ndinaikweza nawo nyimboyi. Ndili ndi gawo langa. Mawa ndikupita ku Balaka.

Lachinayi, 12 Sepitembala

Ndapita, ndabwerako chimanjamanja. Ndine chitsiru.

Mu minibasi monse ndinkaloweza zoti ndikanene. Kufika pa geti zonse zinauluka. Wailesi yake ndi kanyumba chabe, kochepa kuposa tiyirumu yathu, chitsulo chachitali chili kuseri. Mayi wa pa tebulo lolandirira alendo ankadya chinangwa. Anandifunsa katatu ndisanatulutse mawu.

Ndinati ndikufuna nyimbo imodzi andiikire m'memore khadi. Akuti sizingatheke. Makasetiwo anawabwereketsa ndi akazi a malemu muulutsi uja, a ku Blantyre, ndipo anasainirana kuti asakoperedwe kwa wina aliyense. Amabwera ndi kaseti imodzi Lamulungu m'mawa, madzulo n'kuitenganso. Ndinati ndi bambo anga. Anasiya kutafuna. "Bambo anu ndani?" Ndinatchula. Analemba dzina langa ndi nambala pa kapepala, n'kukaika pansi pa mbale ya chinangwa. Akuti a Hudson atuluka, apita kukajambula mpira.

Ndiye taonani. Mawu ndi a bambo anga, gitala ndi yawo, mapositikhadi anagula okha. Koma mwini wake ndi mayi wa ku Blantyre amene sanawaonepo, woyankhulapo ndi Hudson, ine mwana wawo ndiime pa geti. Ndinati zikomo. Zikomo wa chiyani? Ndinachita kugwada pang'ono potuluka. Ndadzida njira yonse.

Lachisanu, 13 Sepitembala

Waimba foni. Hudson weniweni, ndili pakati potsuka poto wa tiyi.

"Chemwali! Bwanji simunanene kuti ndinu mwana wa mdala Uladi? Iyi ndi nkhani yaikulu! Lamulungu mubwere ku situdiyo, nyimbo ikamalira muzitiuza mbiri ya bambo anu, anthu alire pang'ono."

Ndinati, "Koma ine ndimafuna..." Iye anali atayamba kale kundiuza nthawi yofikira. Sanapepese za Lachiwiri. Mwina waiwala kuti Habiba wa bokosi la nsapato ndi yemweyu.

Mwamva? Nyimbo ikamalira. Tsopano tikhale awiri pamwamba pa bambo anga, iye ndi ine. Ndipo ndiwauze anthu chiyani? Kuti anali aatali? Sindikudziwa ngati anali aatali.

Emmie akuti ndipite. "Ukakhala kuno ayankhulabe. Ukapita udzakhala naye pafupi, ukhoza kumutsina." Vuto ndi lakuti foni iyenera kutsala kuno kuti ijambule, kumeneko akuti mafoni amasiyitsa pakhomo. Emmie akupita ku chinkhoswe ku Utale. Otsala ndi amayi, amene foni amaigwira ngati dzira, ndipo kuwerenga sadziwa.

Loweruka, 14 Sepitembala

Ndapaka kyutekisi wofiira wa Emmie pa batani lojambulira. Tayeserera ndi amayi kasanu ndi kawiri. Kawiri anazimitsa foni, kamodzi anaimbira amalume ku Chiuta. Ndinawakalipira, iwo n'kunena kuti, "Ukandikalipiranso ndiponya m'chitsime." Kachisanu ndi chiwiri anakhoza.

Sindinadye. Mawu oti ndikamuuze Hudson asanatsegule kaseti ndawalemba pa dzanja.

Lamulungu, 15 Sepitembala

Ndinafika 1 koloko. Hudson ndi kamunthu kakafupi, kowonda, kovala jezi ya mpira. Mawu onse aja amatuluka mmenemo! Anandigwira dzanja osandiyang'ana, akuyankhula ndi wina pa foni. Ndinayesa kumuuza tisanalowe. Ndinafika pa "Achimwene, ndimati ndipemphe," iye n'kuti, "Osaopa chemwali, ine ndikutsogolerani." Zolemba pa dzanja zinali zitafufutika ndi thukuta.

Kachipinda kake n'kotentha, makoma anamata mathireyi a mazira. Anandiveka mahedifoni aakulu, maiki ili pamphuno panga. Ndinaiona kaseti. Yakuda, pepala lake lachita chikasu, wina analembapo ndi bolopeni yabuluu. Ndinafuna kuigwira koma sindinapemphe.

Nambala 10 mpaka 2 ndinakhala ngati mtengo. Iye moni, malata, simenti, nthabwala. Nyimbo ya nambala 5 anaiseka kuti woimbayo ali ngati wamwa phala lotentha. Ndinaganiza kuti nayenso ali ndi mwana kwinakwake amene wakhala pakhonde.

Kenako muulutsi wakale uja anati, "Ndipo pamwamba pa makwerero sabata ino, kuchokera ku Liwonde..." Gitala inayamba. M'mahedifoni imamveka ngati ali kumbuyo kwangaku. Ndinamva mpaka kupuma kwawo asanayambe kuimba.

Hudson anakweza kabatani ka maiki yake. "Eee, Balaka, Machinga, Ntaja, Ulongwe! Muno mu situdiyo tili ndi mwana weniweni wa mdala ameneyu! Chemwali Habiba, tauzani Amalawi, mukumva bwanji mumtimamu?"

Bambo anali atayamba kale mzere woyamba. Unapita. Sindinaumve.

Sindikudziwa kuti mawu anachokera kuti. Ndinati, "Achimwene, takhalani chete. Bambo anga akuimba."

Anatsegula pakamwa. Ndinamuyang'ana m'maso, ine amene sindiyang'ana munthu m'maso. Ndinaika dzanja langa pa maiki yake n'kulisiya pomwepo. Mnyamata wa makina kuseri kwa galasi anagwira pakamwa. Hudson anatsitsa kabatani kaja pang'onopang'ono, n'kupinda manja.

Mphindi zinayi ndi kanthu. Ndinali ndisakudziwa kuti nyimboyi ili ndi ndime yachitatu, ya m'Chiyao, yoti sitima ikafika usiku mkazi wanga usatseke chitseko. Ndinali ndisakudziwa kuti kumapeto amaseka. Gitala italeka, amaseka, wina n'kunena kuti, "Yatheka, Uladi." Kuseka kwake n'kokokera mpweya m'kati, ngati kwanga kumene Emmie amati ndi kwa bulu.

Itatha Hudson anati, "Mwamva nokha, lero ndakalipidwa," n'kuika za malata zija zonse motsatana. Potuluka sananditsanzike. Nanenso sindinati zikomo.

Mu minibasi mtima unali pa batani lofiira basi. Kondakitala ankauza dalaivala kuti kamtsikana kena kamutseka pakamwa Hudson. Ndinafunda mpango kumaso mpaka pa mlatho wa ku Liwonde.

Ndinawapeza amayi pakhonde, mahedifoni ali m'makutu, foni aigwira ndi manja awiri. Ndinati, "Mwajambula?" Sanandimve. Ndinawachotsa mbali imodzi n'kuika m'khutu langa.

Yajambulika. Yonse, mpaka kuseka kuja. Koma koyambirira kuli Hudson, kenako ine, mawu onjenjemera ngati a mwana wa sitandade 2. Ndinati mawa ndikapeze munthu kumsika adule poyambapo. Amayi anandilanda foni.

"Udule chiyani? Tandibwezera pamene ukumukalipirapo."

Ndawabwezera kasanu tsopano. Akuti ndiwaphunzitse batani lake.